Mmene Malemu Jailosi Anabera Mfumu Chitsokomolo

Dziko la Zangazonse lili kuseri kwa mapiri a Musandifunse. Pamapu simungalipeze, chifukwa mapu ake onse anatsekeredwa m'kabati kunyumba yachifumu, poti ndi a Mfumu. Panthawi imene tikunenayi, Mfumuyo inali Mlekeni Wachitatu. Sinali mfumu yankhanza ayi. Inangobadwa ndi mtima wosapirira kuona chinthu chopanda mwini, ndipo ikachiona chotero inkachimvera chisoni n'kuchitenga.

Mfumu Mlekeni inali ndi chizolowezi chimodzi chodziwika dziko lonse. Isanayambe kulankhula pamsonkhano inkatsokomola kaye. Anthu akamva zimenezo ankafunafuna pamthunzi n'kukhala bwinobwino, podziwa kuti mawu akubwerawo adutsitsa nthawi ya chakudya.

M'dzikomo munali tsamba limodzi la pa intaneti lotchedwa Taonani, pamene aliyense ankaikapo zake: mavidiyo a maukwati, a zinkhoswe, a mwana amene wayamba kuyenda, a mbuzi imene yakwera padenga n'kukana kutsika. Tsiku lina wometa tsitsi wina anaikapo vidiyo yake akutsokomola ngati Mfumu asanayambe kumeta munthu. Anthu anaseka. Ena anatsanzira wometayo, enanso anatsanzira otsanzirawo, mpaka nkhani inafika m'makutu mwa Nduna Yoona za Umwini wa Zinthu Zooneka ndi Zosaoneka, Olemekezeka a Kapalamula.

A Kapalamula anathamangira kunyumba yachifumu, n'kugwada bondo limodzi, linalo linali ndi nyamakazi.

"Mwini Zonse, akukuberani."

"Akundibera chiyani?" inafunsa Mfumu.

"Chitsokomolo."

Mfumu inadzigwira pakhosi kuti ione ngati chinalipobe. "Chilipo," inatero.

"Kuba kwa masiku ano n'komweko, Mwini Zonse. Munthu amaberedwa chinthu akadali nacho."

Mawu amenewa anaiopsa kwambiri Mfumu, chifukwa inayamba kuganizira zinthu zina zonse zimene inali nazobe. Tsiku lomwelo inatsokomolera m'maikolofoni pamaso pa nduna zonse, chitsokomolocho chinajambulidwa, chinadindidwa chidindo, n'kulengezedwa pa wailesi kuti ndi katundu wa Ufumu. Boma linagula makina kunja n'kuwatcha Khutu la Mfumu. Ntchito ya makinawo inali kumvetsera vidiyo iliyonse ya pa Taonani, yatsopano ndi yakale yomwe, n'kuyerekeza chitsokomolo chilichonse ndi chosungidwa chija. Lamulo lake linali losavuta. Chofanana ndendende ndi cha Mfumu ndi cha Mfumu, chisiyidwe. Chofanana pang'ono n'chakuba, chichotsedwe. Chosafanana n'komwe panalibe, poti akatswiri anatsimikiza kuti kutsokomola konse kumafananako pang'ono.

Wopezeka ndi katundu wakuba ankalandira chikwapu. Sichinali cha pamsana, kanali kachizindikiro kofiira pambali pa dzina lake. Koma zikakwana zitatu dzinalo linkachotsedwa pa Taonani, ndipo munthu wopanda dzina pa Taonani boma linkamuwerengera pamodzi ndi amene anapita kunja osatsanzika.

Lamuloli linkakhudza za pa tsamba zokha, koma popeza aliyense anali ndi foni ndipo aliyense anali ndi mdani, anthu anaona kuti n'kwabwino kungosiyiratu kutsokomola. Vuto linabuka kuzimbudzi. Zimbudzi zambiri za ku Zangazonse zilibe zitseko, pakhomo pamangolendewera chiguduli, ndipo mwambo wake kuyambira kale ndi woti wobwera amatsokomola akadali patali, wa m'kati n'kutsokomola moyankha. Mwambowu utasiyidwa, anthu olemekezana anaonana m'njira imene sanaonanepo. Mkamwini wina ku Chetechete anasamuka m'mudzi osatenga ngakhale njinga. Ena anayesa kumaimba nyimbo ya fuko poyandikira, koma nyimbo ya fuko ikamveka munthu amayenera kuimirira, ndipo wa m'katiyo sikuti nthawi zonse amakhala wokonzeka.

Pofuna kuonetsa kuti lamulo silikondera, a Kapalamula anaika pa Taonani batani lalikulu lofiira lolembedwa kuti N'CHANGA, loti aliyense woona chake pa vidiyo ya mnzake adine. Anthu analidina mpaka linatentha. Mbusa wina anati mawu oti aleluya ndi ake. Bambo wina wa ku Ndinayambandine anati kulira kwa atambala onse n'kwake, chifukwa wake ndiye amayamba. Pansi penipeni pa tsambalo panalinso batani lina la odandaula, lolembedwa kuti Mwandinamizira. Linali laling'ono ngati njere ya mpiru, la mtundu wofanana ndi tsambalo, ndipo palibe anali atalidinapo.

Mu Msika wa Tsitsanipo munali mayi wogulitsa matemba, dzina lawo a Eneresi Nangondo. Amuna awo, a Jailosi Kambalame, anagwira ntchito pachigayo moyo wawo wonse, mpaka fumbi la ufa linamanga nyumba m'chifuwa mwawo n'kuwatenga. Chimene anasiya choti munthu n'kuwaona akuyenda ndi kuwamva akulankhula chinali chimodzi: vidiyo ya ukwati wa mwana wawo Tiyanjane. Foni imene inajambula ukwatiwo inabedwa kudepoti kalekale, choncho vidiyoyo inatsala pa Taonani pokha. Makasitomala akachepa, a Nangondo ankaitsegula pa kafoni kawo, n'kukatsamiritsa ku dengu la matemba, n'kumaingitsa ntchentche uku akuonera.

M'mawa wina anatsegula n'kupeza mdima. Pakati pa mdimawo panalembedwa kuti: Vidiyoyi yachotsedwa. Muli katundu wa Mfumu. Mwalandira chikwapu choyamba. Nyengo ya madandaulo ikatha idzafufutidwa.

Anaionetsa foniyo kwa a Lufeyo, ogulitsa mankhwala a makoswe pa benchi loyandikana ndi lawo, amene anali mnzawo wa malemu.

"Katundu wa Mfumu pa ukwati wa Tiyanjane? Mipando tinabwereka kutchalitchi. Mapoto anali a achemwali anga."

"Si mipando, mlamu," anatero a Lufeyo motsitsa mawu. "Ndi chifuwa cha achimwene aja. Paja anatsokomola asanapereke malangizo kwa mkamwini."

"Chifuwa anachitenga kuchigayo."

"Chigayocho n'chandani?"

Ku Zangazonse funso lotere lili ndi yankho limodzi.

"Ingoiwalani," anapitiriza a Lufeyo. "Ine anandichotsera vidiyo yotsatsa malonda chifukwa khoswe anatsamwa. Ndinangothokoza kuti khosweyo sanamutchule dzina."

"Khoswe mungapeze wina. Ine bambo a Tiyanjane ndikawapeza kuti?"

Anayandikitsa foniyo kumaso, anatsitsa tsambalo mpaka pansi, anafufuza ndi chala chonunkha matemba, ndipo anakapeza kabatani kaja. A Lufeyo anasuntha benchi lawo pang'ono kuti pasaoneke ubale. A Nangondo anadina.

Ku Unduna wa Umwini kunalira belu limene palibe anali atalimvapo. Ogwira ntchito anaganiza kuti ndi moto, anathawira panja, ndipo ozimitsa moto anathira madzi nyumba yonse asanadziwe kuti ndi munthu wadandaula.

A Nangondo anaitanidwa kukaonekera kwa mlembi wa Bwalo la Madandaulo, bambo Chitekwe. Mkuluyu anakhala pa udindowu osalandira dandaulo ngakhale limodzi, ndiye pofuna kuti ofesi isaonongeke ankafungatitsiramo nkhuku. Anachotsa thadzi pampando wa alendo n'kuwauza mayiwo kuti akhale.

"Mayi, lamulo likuti wotsokomolayo abwere yekha adzatsokomole pamaso pa bwalo, tione ngati n'chake."

"Anamwalira."

"Pepani kwambiri. Ndiye atumize chifukwa chimene akulepherera kubwera."

"Chifukwa chake ndi chifuwa chomwecho."

"Ndiye mukuvomera kuti anapezeka nacho," anatero bambo Chitekwe, akulemba mosangalala ngati munthu amene wakumbukira kuti amadziwa kulemba. "Nanga anachipeza liti?"

"Tikukwatirana anali nacho kale. Mfumu yathuyi ikadali kusukulu."

Bambo Chitekwe anasiya kulemba. Anayang'ana kukhomo, anayang'ana nkhuku. "Mawu amenewo sindiwalemba, mayi, chifukwa cha ubwino wanu. Mukutanthauza kuti anaba chinthu mwini wake asanakhale nacho. Umenewo ndi mlandu waukulu kuposa woyambawu."

Nkhaniyi ikanathera pomwepo, koma a Kapalamula anaona mwayi. Anauza Mfumu kuti maiko akunja amalemekeza mafumu amene amamvetsera madandaulo asanawakane, ndipo popeza dandaulo lapezeka, silikuyenera kuonongeka. Choncho mlandu unakazengedwera mu holo yaikulu ya likulu, wailesi ilipo, kwaya ya amayi a kunyumba yachifumu ilipo, nduna zonse zilipo. Mfumu inabwera itavala mkanjo wa chilungamo, umene unali usanavalidwepo ndipo unkanunkha kabati.

A Kapalamula analankhula poyamba. "Mwini Zonse, olemekezeka nonse, ndi inu anthu wamba amene mwalowa chifukwa zitseko zinali zotsegula. Lero akuba chitsokomolo. Mawa aba kuyetsemula. Mkuja aba mkonono. Tidzadzuka tsiku lina n'kupeza Mfumu yathu ili duu ngati mtsuko, yopanda phokoso lililonse loti n'kulitcha lake. Dziko lotero ana athu tidzawauza kuti chiyani?"

Anthu anaomba m'manja, mosamala, poti sankadziwa ngati kuombako kunali kusanapeze mwini.

Kenaka a Nangondo anaimiritsidwa. Anali atavala chitenje cha kumaliro kwa amuna awo, chifukwa ndicho chinali chatsopanoko.

"Ine milandu sindiidziwa," anatero. "Ndikungofuna vidiyo ija. Bambo a Tiyanjane alibe kwina kumene amayenda."

"Boma ndi lachifundo, mayi," anayankha a Kapalamula, akuyang'ana kwa atolankhani. "Tikhoza kukubwezerani vidiyoyo titadulamo malo onse amene malemuwo akutsokomola. Mawu awo onse atsala."

"Mawu ajatu anachita kuwalembera akulu a mpingo. Iwo ankangowerenga. Mukachotsa chifuwacho mundipatsa munthu wina. Chifuwacho ndiye chinali chawo."

Mu holo munamveka kung'ung'udza. Mawu oti chawo anali asanamvekepo pafupi chotero ndi Mfumu.

"Chabwino," anatero a Kapalamula. "Bwalo limve lokha. Timvetsere chenicheni, kenaka chakuba."

Popeza maso a Mfumu saona katundu wakuba, anagwirizana zongomvetsera pa zokuzira mawu, ndipo bambo Chitekwe okha ndiwo anakhala pa kompyuta. A Kapalamula analengeza kuti, monga mwa mwambo, choyamba kumveka chikhala cha Mfumu, poti palibe chimene chimatsogola Mfumu. Koma makinawo mwambo sankaudziwa. Anapangidwa kunja, ndipo ankayamba ndi chimene chinafika pa Taonani poyamba. Ukwati wa Tiyanjane unachitika lamulo lisanabadwe.

Chitsokomolo choyamba chinayambira pansi penipeni, ngati injini ya chigayo imene ikukana kulira m'mawa wozizira. Chinakwera pang'onopang'ono, chinagunda kawiri mpaka magalasi a mazenera ananjenjemera, n'kutsirizira ndi kamluzu kakang'ono, ngati munthu amene akupepesa chifukwa cha phokoso.

Holo yonse inaimirira. Amayi a kwaya analuluta. Nduna ya Zankhondo inapereka sawatcha, ndipo Nduna ya Zaumoyo inati chifuwa chathanzi chotero sinachimvepo chiyambire ntchito.

Mfumu inatseka maso n'kugwedeza mutu. "Ndine ameneyo," inatero. "Sindinkadziwa kuti ndimamveka chonchi."

A Nangondo anali atafunditsa nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Mtolankhani wa wailesi anauza dziko kuti wodandaulayo walapa atangomva liwu la Mfumu.

Kenaka kunabwera chachiwiri. Chinali chachifupi ndi chopyapyala, khe khe, ngati kamwana ka mphaka kotsamwa ndi munga wa usipa.

Anthu anaseka. Anali atasunga phwete kwa nthawi yaitali, ndipo apa anapeza poti n'kusekera mololedwa ndi boma. Nduna zinagwirana mapewa. Mayi wina wa kwaya anakhala pansi.

"Mwamva nokha," anafuula a Kapalamula. "Wakubayu ngakhale kuba kwenikweniko sankakudziwa."

Mfumu inaseka mpaka misozi. "Munthu ameneyu ankadya koma? Chifufutidwe pompano. Makutu anga asadzachimvenso."

Bambo Chitekwe, amene ankaona pa kompyuta kuti chikulira ndi chiti, anakweza mkono. A Kapalamula anawayang'ana. Mfumu inawayang'ana. Bambo Chitekwe anagwiritsa ntchito mkonowo kukanda m'mutu, kenaka anautsitsa n'kudina. Chitsokomolo chenicheni cha Mlekeni Wachitatu chinafufutidwa molamulidwa ndi mwini wake, ndipo m'malo mwake, monga muyeso wa chitsokomolo chonse cha m'dziko, munatsala cha malemu Jailosi Kambalame wa pachigayo.

Bwalo linauza a Nangondo kuti katundu wawo wakuba waonongedwa ndipo akhululukidwa. Iwo anathokoza n'kutuluka. Ali panja anatsegula foni. Vidiyo ija inalipo, koma sinkatseguka. Mawu a pamdima paja anali atasintha: Chuma cha Dziko. Anthu wamba saloledwa kuona.

"Ndiye mwawina kapena mwaluza, mlamu?" anafunsa a Lufeyo atabwerera kumsika.

"Bambo a Tiyanjane akwezedwa pantchito," anatero a Nangondo, akuunjika matemba. "Koma kumene apitako alendo salowa."

Sabata yotsatira Mfumu inakatsegulira mlatho pa mtsinje wa Ndikubwera, umene unauma kale koma boma linkauyembekezerabe. Inatsokomola monga mwa masiku onse, khe khe, inalankhula mpaka dzuwa kupendeka, ndipo atolankhani anaika vidiyoyo pa Taonani. Khutu la Mfumu linamvetsera, linayerekeza, linapeza kuti chitsokomolocho chikufananako pang'ono ndi chosungidwa chija. Pambali pa dzina la Mlekeni Wachitatu panaoneka kachizindikiro kofiira.

A Kapalamula anati magetsi anaphethira. Anakonza msonkhano wina woti Mfumu ifotokozere anthu kuti palibe chimene chalakwika. Mfumu inatsokomola isanafotokoze. Chikwapu chachiwiri.

Mwamwayi Khutulo silinkabwerera ku zimene linamva kale, apo ayi zolankhula zakale za Mfumu zikanaimaliza tsiku lomwelo. Komabe zinthu zinafika poipa. Kuzimitsa makinawo kunali kosatheka, chifukwa lamulo limene a Kapalamula analemba ndi dzanja lawo linkati wogwira makinawo wakoka Mfumu khutu. Kuuza Mfumu zoona kunali kosathekanso, chifukwa Mfumu inali itanena pa wailesi kuti ndine ameneyo. Ndipo chikwapu chimodzi chokha chinatsala kuti boma liyambe kuwerengera Mfumu yake pamodzi ndi amene anapita kunja osatsanzika.

A Kapalamula anagwadanso bondo lija.

"Mwini Zonse, madokotala apeza kuti khosi lanu latopa ndi kusenza dziko. Chitsokomolo chanu chaphwerako. Makinawa, chifukwa chokukondani, akukana kulandira chochepera pa chimene anamva kwa inu muli mu mphamvu zanu zonse."

"Ndinkaona ngati chasintha," inavomereza Mfumu. "Ndiye titani?"

"Muyeserere mpaka mubwerere mwakale. Pakadali pano musalankhule pagulu."

Mfumu inayamba kuyeserera. Koma kunyumba yachifumu kunalibe munthu wodziwa kuuza Mfumu kuti yalakwitsa. Ikati khe, nduna zinkati ndendende. Ikayetsemula mwangozi, zinkati ndendende. Tsiku lina mpando unalira Mfumu ikukhala, ndipo Nduna ya Zamaphunziro inati imeneyo ndiye yaposa zonse. A Kapalamula anaona kuti akadalira anthu amenewa akaika vidiyo yachitatu pa Taonani n'kutsala opanda Mfumu, kapena choipa kwambiri, opanda unduna.

"Pakufunika munthu wotha kunena kuti ayi," anadandaula kwa bambo Chitekwe.

"M'dziko muno, Olemekezeka, amene ananenapo ndi mmodzi," anayankha bambo Chitekwe. "Belu lake linationongera makapeti."

Ndi mmene zinachitikira kuti galimoto za boma zilowe mu Msika wa Tsitsanipo n'kugwetsa tomato wa anthu. A Kapalamula anatsika, anaima pa benchi la a Nangondo, n'kumanamizira kusankha matemba. A Lufeyo anayamba kuwerenga mwachidwi malangizo a pa paketi ya mankhwala a makoswe.

"Mayi, dziko likukufunani. Mukaphunzitse Mfumu kutsokomola ngati mmene inkatsokomolera kale."

"Kale lake liti, bwana?"

"Lija munamva mu holo."

"Mukudziwa kuti ndi ndani uja."

"Ine ndikudziwa zimene bwalo linagamula," anatero a Kapalamula, akupukuta thukuta. "Zimene ndikudziwa pandekha sindiyenda nazo kuntchito."

A Nangondo anaingitsa ntchentche. "Pophunzitsapo vidiyo ija izionetsedwa?"

"Kachidutswa kachitsokomoloko."

"Yonse. Chifuwa sichimveka pachokha, chimafunika uone kumene chachokera."

"Chabwino, yonse."

"Nanga Mfumu ikadzakhoza?"

"Tidzaijambula mwatsopano, n'kuika chake m'makina, vidiyo ya ukwatiyo n'kuifufuta. Dziko silingasunge umboni wotero mpaka kalekale. Mukumvetsa."

"Ndikumvetsa. Ndiye wonena kuti yakhoza ndi ndani?"

"Inuyo. Sitingayerekeze kuyesa pa makina inu musanavomereze. Chikwapu chachitatu chija..." A Kapalamula anayang'ana kumwamba ngati munthu amene akuona unduna wake ukuuluka.

A Nangondo anakulunga matemba amene Ndunayo inagwiragwira aja n'kuipatsa, poti palibe akanawagulanso. Anamanga bwino chitenje.

"A Lufeyo, mundionere pabenchipa."

"Mubwera liti, mlamu?"

"Zitengera mutu wa wophunzira."

Maphunziro ankachitika m'mawa uliwonse m'chipinda chodyera cha kunyumba yachifumu. A Nangondo anaika lamulo loti wophunzira azifulatira kanema, chifukwa kutsokomola kumalowera m'makutu ndipo maso amangosokoneza. Choncho Mfumu inkakhala moyang'ana khoma, mayiwo n'kukhala pampando wofewa moyang'ana kanema wamkulu ngati chitseko, tiyi ali pambali. Bambo Chitekwe ankaliza vidiyo. A Kapalamula ankaima pakona ndi cholembera, kudikira mawu oti yakhoza.

Mfumu inauzidwa kuti wolankhula m'vidiyomo ndi iyo yomwe, pa ukwati wina wa anthu osauka umene inapitako kale mwakachetechete, ndipo kuti mafumu amachita zabwino zambiri moti sangazikumbukire zonse. Inamvetsera a Jailosi akuuza mkamwini kuti mwana wawoyo sakonda kukalipiridwa m'mawa, ndipo akakwiya angomusiya, apsa mtima n'kuzizira yekha ngati mayi ake. Apa akulu a mpingo sanalembe, malemuwo anangoonjezera.

"Ndinalankhula bwino pamenepa," inatero Mfumu, ikuyang'ana khoma. "Mwachidulenso."

"Munali munthu wabwino nthawi imeneyo, Mwini Zonse," anatero a Nangondo. "Tayesani."

Mfumu inatsokomola.

"Ayi. Mukuyambira pakhosi. Chiyambire m'mimba."

Mfumu inayesanso.

"Ayi."

Nthawi yoyamba kumva mawuwa Mfumu inatembenuka kufuna kuona ngati pali wina kumbuyo kwake amene akuuzidwa. Koma inazolowera, ndipo ena amati inayamba kuwakonda, poti anali chinthu chokhacho m'dzikomo chimene inali isanakhalepo nacho.

Miyezi inadutsa. Popeza Mfumu sinkatha kuyamba kulankhula isanatsokomole, ndipo sinkaloledwa kutsokomola pagulu, misonkhano inaima. Milatho inkatsegulidwa ndi anthu oyamba kuwolokapo. Anthu ankadya pa nthawi yake, ndipo ana ena ananenepa. A Nangondo akadutsa mumsika madzulo, amayi ogulitsa masamba ankawaikira kamulu kapadera m'dengu n'kuwafunsa mwaulemu mmene wophunzira akuchitira. Akayankha kuti zikuvutabe, amayiwo ankapukusa mitu mwachisoni n'kuonjezera anyezi.

A Kapalamula okha ndiwo ankaonda. Anaitanitsa ufa wa m'chigayo kuti uziwazidwa m'chipinda chogona cha Mfumu. Analamula kuti mazenera azisiyidwa otsegula nyengo yozizira. Ndipo zoona, mvula itayamba, Mfumu inadwala chimfine chenicheni, choyamba pa ufumu wake wonse.

M'mawa umenewo inabwera ku phunziro itafunda bulangete, mphuno zili psuu. Vidiyo inalira monga mwa masiku onse. Anthu analowa m'tchalitchi, Tiyanjane anapunthwa pa diresi, kwaya inaimba, a Jailosi anaimirira ndi jekete yobwereka ya manja aafupi, anatsokomola, ndipo bambo Chitekwe anaimitsa pomwepo.

"Tayesani, Mwini Zonse."

Mfumu inakoka mpweya, koma chifuwa chinabwera chokha isanachiitane. Chinayambira pansi penipeni. Chinakwera pang'onopang'ono, chinagunda kawiri, makapu analira patebulo, n'kutsirizira ndi kamluzu kaja.

A Nangondo anapezeka ataimirira, atatembenukira kukhomo, kapu ya tiyi ili m'manja ngati akufuna kukapatsa munthu amene wangofika kuchokera kuntchito. Pakhomopo panali msilikali yekha.

A Kapalamula anali atamva, cholembera chili m'mwamba. Bambo Chitekwe anali atamvanso, ndipo chala chawo chinali chitayandikira batani lofufutira.

"Mayi?" anatero a Kapalamula. "Mayi, imeneyo bwanji?"

A Nangondo anakhala pansi pang'onopang'ono. Anaika kapu patebulo. Anayang'ana kanema, pamene a Jailosi anali ataima chiimire, dzanja lili pakamwa, maso akuyang'ana cha kumene kunakhala akazi awo tsiku la ukwatilo.

"Mwayandikira, Mwini Zonse," anatero. "Koma kumapetoko mwathamanga."

"Ine ndinamva ngati ndakhoza," inadandaula Mfumu, ikuyang'anabe khoma.

"Ophunzira onse amamva choncho. Bambo Chitekwe, bwezani poyambirira, pamene akulowa m'tchalitchi."

Mfumu inamina, inakonza bulangete, n'kukhala tsonga kuti imvetsere bwino.